CINGELEZI CA PA NCHITO: LIU LAKUTI “GO” NDI TIMAU TOLITSATA

Mwa mau onse a Cingelezi, liu limene mwana amalidziwa asanathe ngakhale mwezi umodzi pa sukulu ndi lakuti “go.” Mphunzitsi amamuuza kuti tanthauzo lace ndi kupita, mwanayo nabvomera, nakula ndi mtima wakuti liu limeneli analigonjetsa kale. Koma tsiku limene alembedwa nchito pa fakitale kapena pa mgodi, amapeza kuti “go” wa kapitao si “go” wa mphunzitsi uja. Kapitao sanena liuli palokha. Amalimangirira kamau kena kakang'ono kumbuyo, monga “off,” “on,” “out,” “over” kapena “under,” ndipo pamenepo za ulendo zimatha. Cimene cikunenedwa cingakhale kuphulika kwa wonga, kuzima kwa magetsi, kuola kwa nsomba, ngakhale kugwa kwa kampani yathunthu.

Mzinda wa Kafue, umene uli pa mtunda wa makilomita ngati 45 kumwera kwa Lusaka, ndi malo abwino oonerapo zimenezi, pakuti Cingelezi cinafika kumeneko pa njira ziwiri. Njira yoyamba inali ya njanji. M'caka ca 1906 njanji yocokera ku Livingstone inaoloka mtsinje wa Kafue pa ulalo wacitsulo wa zigawo 13, ndipo pamodzi nayo panadza Cingelezi ca akapitao, cacifupi ndi cofuula. Njira yaciwiri inali ya mishoni. M'caka ca 1918 a Primitive Methodist anatsegula sukulu ya Kafue Training Institute, motsogozedwa ndi mbusa John Fell, ndipo kumeneko anyamata, mmodzi wa iwo Harry Nkumbula amene pambuyo pace anatsogolera African National Congress, anaphunzira Cingelezi ca m'mabuku. Zingelezi ziwirizi zinakomana maso ndi maso dziko litalandira ufulu, pamene Boma linasankha Kafue kukhala mzinda wa mafakitale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunamangidwa fakitale ya nsaru ya Kafue Textiles, ndipo m'caka ca 1970 fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga mankhwala ochedwa ammonium nitrate, amene alimi amawafuna ngati feteleza, pamene a migodi amawafuna pa zophulitsira miyala. Anthu anadza kudzafuna nchito kucokera ku mbali zonse, Atonga, Alozi, Abemba, Acewa ndi Ansenga. Mu msika ankagwirizana ndi Cinyanja, koma malamulo a pa makina ndi makalata a ku ofesi anali m'Cingelezi.

Cifukwa cace Cingelezi cili ndi malilime awiri m'kamwa limodzi ndi nkhani yakale. M'caka ca 1066 dziko la England linagonjetsedwa ndi Anormani olankhula Cifalansa, ndipo kwa zaka zambiri mau a m'mabwalo a milandu, a m'nyumba za mafumu ndi a ophunzira anali kubwerekedwa ku Cifalansa ndi ku Cilatini. Anthu wamba anasunga mau ao akale aafupi. Kotero kufikira lero cinthu cimodzi cili ndi maina awiri: wolemba buku amati “continue,” munthu wa pa mseu amati “go on”, wolemba buku amati “explode,” wa pa mgodi amati “go off.” Samuel Johnson, polemba buku lace lalikuru lomasulira mau m'caka ca 1755, anaona kale kuti kumangirira timau totere ku mneni ndiko kumene kumabvuta alendo koposa, ndipo dzina lakuti “phrasal verb,” limene aphunzitsi amaligwiritsa nchito, linayamba kuoneka m'buku la Logan Pearsall Smith la m'caka ca 1925. Codabwitsa ndi cakuti mwana wa sukulu wa kuno amayamba kudziwa mau ataliatali, amene mwana wa ku England amawayesa obvuta, nasocera pa mau aafupi amene mwana wa ku England anawayamwira m'bere.

Komatu wolankhula Cinyanja sayenera kuyesa kuti awa ndi matsenga a Azungu, popeza cinenero cace cimacita comweco. Liu lakuti kupita nalonso silikhala pa ulendo pokha. Ndalama zimapita pacabe zilibe miyendo. Sukulu imapita patsogolo ili ciimire pa maziko ace. Munthu wofunsidwa mlandu amapita m'mbali atakhala pansi, ndipo mai akapita padera, pamudzi pamakhala cisoni cimene mlendo womasulira liu ndi liu sangacimve konse. Ndiponso kacidutswa kakang'ono ka kumapeto kwa mneni kamatembenuza tanthauzo lonse: kutseka ndi kutsekula, kumata ndi kumatula, kuyala ndi kuyalula, kupita, kupitirira, kupitiriza, kupititsa. Cimene Cinyanja cimaciphatika ku mneni, Cingelezi cimacilemba pacokha, ndipo ena amanyengedwa ndi mpata wa pakatipo, nayesa kuti ali mau awiri, ciri conse ndi tanthauzo lace. Ali liu limodzi lolembedwa m'zidutswa ziwiri, ndipo liyenera kuphunziridwa lathunthu.

Mwa onse, oopsa ndi akuti “go off,” ndipo ayenera kuwaonetsetsa ali yense wogwira nchito pafupi ndi moto, magetsi kapena wonga. Kamau kakuti “off” anthu ambiri anakadziwira pa swichi ya magetsi, pamene “on” ndi kuyatsa ndipo “off” ndi kuzima. Pa magetsi nzerudi imeneyi imagwira nchito. Anthu a ku Kafue amakhala pafupi ndi malo opangira magetsi a Kafue Gorge, amene anayamba kugwira nchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, komabe m'cilala ca 2024, madzi atacepa m'madamu, anakhala mumdima maola ambiri tsiku ndi tsiku monga anzao a m'dziko lonse. M'caka cimeneco mau akuti “the power has gone off” anawadziwa ngakhale agogo amene sanapondepo pa sukulu: magetsi apita, azima.

Tsono munthu yemweyo amve kapitao ati, “The alarm has gone off.” Akatsata nzeru ya pa swichi, adzati belu locenjeza latonthola, ngozi yatha, nabwerera ku makina ace. Koma tanthauzo lace ndi losemphana kotheratu: belu layamba kulira, ndipo anthu aturuke. Mfuti ikawomba amati “the gun went off.” Wonga ukaphulika pansi pa mgodi amati “the charge went off.” Mau amodzimodzi pa magetsi anena kuleka, pa belu ndi pa wonga anena kuyamba mwadzidzidzi.

Pali njira yosiyanitsira, ndipo si yobvuta. Munthu asayang'ane mneni. Ayang'ane cinthu cimene cikunenedwaco, nadzifunse kuti cinali kucita ciani poyamba. Ngati cinali kuyaka kapena kuyenda, monga nyali ya magetsi, wailesi kapena madzi a m'mpopi, ndiye kuti caleka. Ngati cinali duu, citasunga mphamvu yace m'kati kudikira nthawi, monga belu, wochi yodzutsa anthu, mfuti kapena wonga, ndiye kuti camasula mphamvuyo. Pamenepa “off” si wa pa swichi iai. Ndi “off” wa kunyamuka, monga mbalame ibvumbuluka m'udzu.

Kukana kwa mau amenewa ndiko kumene kumapha anthu. Wophulitsa miyala akati, “One hole did not go off,” sakunena kuti dzenje limodzi liri bwino kapena kuti lazima. Akunena kuti m'dzenje limodzi wonga sunaphulike, ulimo wamoyo, ndipo ungathe kuphulika munthu akaugunda ndi cibowolero kapena ndi fosholo. Nkhani yotere pa migodi imachedwa “misfire,” ndipo malamulo ace ndi olimba: palibe wobwerera ku malowo nthawi yoikika isanakwane, palibe wokhudza dzenjelo koma yekha wokhala ndi cikalata ca kuphulitsa, ndipo palibe wobowola m'citsa ca dzenje lakale. Kale pa migodi ya ku Copperbelt malamulo otere ankaperekedwa m'Cikabanga, cinenero ca pa nchito cocokera ku migodi ya kumwera, cimene mau ace ambiri ndi a Cizulu. Anthu anacida cifukwa cinali cinenero ca bwana ndi wanchito, ndipo sanalakwe kucida. Koma pamene Cingelezi cinatenga malo ace, makamaka Boma litalamula m'zaka za 1965 ndi 1966 kuti ana aziphunzitsidwa m'Cingelezi kuyambira kalasi yoyamba, katundu wa timau totere anagwera pa mutu wa wanchito yense.

Matanthauzo a “go off” sanathere pamenepo. Amai ogulitsa nsomba za mu mtsinje wa Kafue akamva wogula ati, “This fish has gone off,” asayang'ane m'beseni kuti mwina yathawa. Wogulayo akunena kuti yayamba kununkha. Mkaka wosasa ndi nyama yogonera amazinena motero. Msonkhano kapena ukwati ukayenda bwino amati “it went off well.” Ndipo munthu akangonyamuka osatsazika amati “he went off,” ndi apa pokha pamene liu lija la mphunzitsi likumbukira kuti linali la ulendo.

Mnzace wa “go off” ndi “go out,” ndipo awiriwa amasokonezedwa kawirikawiri. Moto wa nkhuni, kandulo ndi nyali ya mafuta zikazima zokha, amati “it has gone out.” Moto wa mu ng'anjo ya fakitale ukatero, makina amaima ndipo katundu amaonongeka, koma sikuphulika. Wanchito wothamangira ku ofesi kukanena kuti “the boiler has gone off,” pamene afuna kunena kuti moto wace wazima, angathawitse anthu a fakitale yonse. Ndipo wonena mosemphanitsa pa tsiku la ngozi yeniyeni angawakhazike pansi pamene anayenera kuthawa.

“Go on” ndi wofatsa. Nthawi zambiri amatanthauza kupitiriza: kapitao akapeza anthu ataima kumuyang'ana nati “go on,” sakuwapitikitsa, akuti gwirani nchito yanu. Akafunsa mwaukali kuti “What is going on here?” akufuna kudziwa cimene cikucitika. Nyali zikayaka amatinso “the lights went on.” Koma “go ahead” ndi cilolezo, ndipo pa nchito zoopsa ndi liu lolemera. Woyendetsa cikepe ca mgodi kapena woyatsa magetsi pa waya amene anzace anali kukonza sayamba asanalandire “go-ahead,” ndipo wopereka liulo ndiye mwini mlandu zinthu zikalakwika.

Mabungwe a anchito ali ndi “go” wao. Bungwe la anchito aciAfirika a m'migodi ya Northern Rhodesia, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1949 ndi Lawrence Katilungu monga mtsogoleri wace, linanyanyala nchito kwa masabata atatu m'caka ca 1952, ndipo pambuyo pace malipiro anakwezedwa. Kuteroko pa Cingelezi ndi “to go on strike”: anthu sapita ku nchito konse, ndipo malipiro a masikuwo samawalandira. “Go-slow” ndi cida cina. Anthu amafika pa nthawi yace, nabvala zobvala za nchito, nagwira zitsulo, koma mwacizengereza, kotero kuti ca tsiku limodzi cimatha masiku atatu. Wanchito wosainira cikalata ca bungwe ayenera kudziwa kuti wabvomera citi mwa ziwirizi, popeza zotsatira zace pa malipiro ndi pa lamulo sizifanana. Ndipo abwana akalonjeza pa msonkhano kenaka nkusintha, atsogoleri amati “they have gone back on their word,” kunena kuti abweza mau ao. Si kuti abwerera ku mau aja kuti awakwaniritse, monga womasulira liu ndi liu angaganizire.

Palinso mau ena amene mbadwo wa m'ma 1960 sunali kuwamva kawirikawiri, koma ana ao anawaphunzira ndi misozi. Wanchito wa mu mgodi m'mawa uli wonse “goes underground,” ndiko kutsikira pansi, ndipo madzulo amaturuka. Kampani “ikapita pansi” m'Cingelezi, “goes under,” siituruka. Mauwo anatengedwa ku bwato lomira. Boma la Frederick Chiluba litalowa m'caka ca 1991, malire anatsegukira katundu wa kunja, ndipo m'caka ca 1992 kunakhazikitsidwa bungwe la Zambia Privatisation Agency logulitsa makampani a Boma. Mgodi wa Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, ndipo kumapeto kwa caka comweco kampani ya ndege ya Zambia Airways inathetsedwa. Fakitale ya nsaru ya ku Kafue inalephera kupikisana ndi salaula ndi nsaru zochipa za kunja, inafooka kufikira makina ace anaima, ndipo mabanja ambiri a m'nyumba za Kafue Estates anasowa pogwira. M'masiku amenewo nyuzipepala zinadzala ndi mau akuti “go into liquidation” ndi “go into receivership,” ndipo ambiri anawayesa amodzi. Oyambawo anena kuti kampani yatha, katundu wace agulitsidwa kuti angongole agawane. Aciwiriwo anena kuti kampani yaikidwa m'manja mwa munthu wosankhidwa kuti abweze ngongole, ndipo mwina ingapulumuke kapena kupeza wogula. Ndi zimene zinacitikira kampani yoyendetsa mgodi wa Luanshya m'caka ca 2000. Kampani ikagulitsidwa “as a going concern,” si kuti ikupita kwina kapena ili ndi nkhawa. Igulitsidwa yamoyo, makina akali kuyenda, ndipo pamenepo anchito amakhala ndi ciyembekezo cakuti mwini watsopano adzawasunga. Kwa munthu wodikira ndalama zace za pomaliza nchito, kusiyana kwa mau atatuwa ndiko kusiyana kwa kulandira, kudikira zaka, ndi kusalandira konse.

Liu lowawa koposa ndi lofatsa pa khutu. Bwana akaitana munthu mu ofesi, namupatsa mpando, nati, “We have to let you go,” sakumulola kuweruka msanga kapena kupita ku chuthi. Wamucotsa nchito. Azungu amakonda kukulunga nkhani zoipa m'mau ofewa, monga momwe a kuno amanenera kuti wodwala uja watisiya. Munthu womva mau amenewa asathokoze nkuturuka. Afunse tsiku lomaliza, cifukwa cace, ndi ndalama zimene ayenera kulandira, ndipo apemphe kuti zonsezo zilembedwe pa pepala.

Pepala likafika, pamafunika “go” wina. Galimoto yocokera ku Lusaka kunka ku Chirundu kapena ku Livingstone “goes over the bridge” pa Kafue, ndipo apa mauwo ndi a ulendo weniweni. Ulalo woyamba wa mseu pamalopo, wa m'caka ca 1949, unamangidwa ndi ndalama za Beit Trust, ndi zitsulo zimene poyamba zinali ulalo wa pa mtsinje wa Thames mu London. Koma kalaliki akati “go over these figures,” akuti ziwerengedwenso mosamala kuti cilakwo cipezeke. “Go through the contract” ndi kuwerenga pangano lonse mzere ndi mzere, kucokera pamwamba kufikira pamene pali posainira. Mau omwewa pa munthu anena kupyola m'masautso, monga mai wamasiye amene “has gone through a lot,” ndipo pa pempho la ngongole kapena la penshoni, “it has gone through” ndi uthenga wabwino wakuti labvomerezedwa.

Ena ndi osabvuta ndipo sacedwetsa munthu. Mitengo ya ufa “goes up,” mtengo wa mkuwa pa msika wa London “goes down,” ndipo a ku Copperbelt amadziwa kuti cotsatira cace banja “goes without,” ndiko kukhala osadya nyama kapena osagula nsapato. Wodwala malungo “has gone down with malaria.” Kapitao wosakhota pa lamulo “goes by the book.”

Pophunzira mau amenewa khutu limathandiza koposa diso. Mngelezi polankhula amapeputsa “go” nagogomeza kamau kotsatirako, kotero kuti m'phokoso la makina cimene cimamveka bwino ndi “off,” “out” kapena “on”; wophunzira acherere khutu pamenepo, pakuti tanthauzo lagona pomwepo. Akumbukirenso kuti “went” ndi “gone” ndi “go” yemweyo wabvala zina. “Went” poyamba linali la mneni wina wakale wakuti “wend,” ndipo linalanda malo. Ndi cifukwa cace silifanana ndi anzace. Polemba mau atsopano m'kabuku, ndi bwino kulemba ciganizo cathunthu pamodzi ndi cinthu cimene cikunenedwa, belu kapena magetsi kapena nsomba, popeza “go off” wolembedwa yekha alibe tanthauzo limodzi loti munthu aloweze. Ndipo pa nchito yoopsa, wokayika abwereze lamulolo ndi liu lalitali la m'buku lija, limene silikhala ndi nkhope ziwiri: afunse ngati kapitao akunena “explode” kapena “stop.” Apa Cingelezi ca ku mishoni cimapulumutsa Cingelezi ca pa njanji.

Kusamvana sikucokera mbali imodzi. Mlendo wocokera ku England amadabwa pamene mnzace wa ku Kafue anyamuka pa mpando, nalunjika ku khomo, nati “I am coming,” pakuti iye akuona munthu akupita. Mzambiayo wangotembenuza mau a kwao akuti ndikubwera, amene ali yense pano amadziwa kuti anena kucoka pang'ono ndi kubwerako. Momwemonso mau otsazikirana akuti “go well” ndi “stay well,” amene amamveka m'Cingelezi ca ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku South Africa, anacokera ku zinenero za Abantu, ku pitani bwino ndi tsalani bwino ndi anzao a m'Cizulu ndi m'Cisutu, ndipo ku London samveka kawirikawiri.